Mboni Yobisika M'ciuno: Mmene Mafupa Amaululira Kuti Womwalira Anali Mwamuna Kapena Mkazi

M'caka ca 1878, pa cisumbu ca Björkö m'dziko la Sweden, katswiri wofukula zinthu zamakedzana dzina lake Hjalmar Stolpe anatsegula manda a m'zaka za m'ma 900. Pamalopo kale panali mzinda wa Birka, kwao kwa anthu ochedwa ma Viking, amene anachuka ndi nkhondo ndiponso maulendo a panyanja. M'mandamo munali mafupa a munthu mmodzi, ndipo pambali pake panali lupanga, nkhwangwa, mkondo, mivi, zishango ziwiri ndi mafupa a akavalo awiri. Aliyense woona zida zimenezi sanakayike konse: apa panagona msilikali wamkulu, ndipo msilikali ndi mwamuna. Mabuku analemba tero, aphunzitsi naphunzitsa tero, kwa zaka zoposa 130.

Pambuyo pake katswiri wa mafupa, mai Anna Kjellström a ku yunivesite ya Stockholm, anatenga mafupa aja nawayang'anitsitsa osalabadira za lupanga. Iwo anaona kuti fupa la m'ciuno linali ndi maonekedwe acikazi. Anthu ambiri sanakhulupirire mpaka m'caka ca 2017, pamene kupima kwa DNA kunatsimikiza kuti mwini manda aja analidi mkazi.

Kulakwa kotere kunacitikanso ku Wales, koma motembenuza. M'caka ca 1823 William Buckland, mphunzitsi wa ku Oxford, anapeza mafupa m'phanga la Paviland. Mafupawo anali atapakidwa dothi lofiira, ndipo pafupi nawo panali zokongoletsa za minyanga ndi tizigoba ta nkhono za m'nyanja. Poona zodzikongoletsera zija, iye anati ameneyu anali mkazi wa m'nthawi ya Aroma, ndipo dzina lakuti Dona Wofiira linakhazikika. Lero tikudziwa kuti anali mwamuna wacinyamata amene anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 33,000 zapitazo.

Anthu onsewa anafunsa katundu wa womwalira m'malo mofunsa thupi lake. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsono tiyeni, awerengi okondedwa, tidekhe ndi kuona cifukwa cake fupa la m'ciuno limanena zoona kuposa mafupa ena onse, ndiponso mmene makina ojambula m'kati mwa thupi amathandizira kumva umboni wake.

FUNSO LOYAMBA LA APOLISI

Nkhaniyi si ya manda akale okhaokha. Mlimi angathe kupeza mafupa a munthu pogalauza munda. Nyumba ikapsa usiku, basi ikagubuduka ndi kuyaka moto, kapena madzi osefukira akakokolola mudzi, nthawi zina mtembo umapezeka utaonongeka kotero kuti ngakhale mai wobala sangazindikire mwana wake. Zikatere apolisi amaitana akatswiri a mafupa, ndipo iwo amayesa kuyankha mafunso angapo: kodi anali mwamuna kapena mkazi, anali wa zaka zingati, anali wamtali motani, nanga anavulalapo kapena kudwala matenda osiya cizindikiro pa fupa?

Funso la mwamuna kapena mkazi ndilo limatsogola, kaamba ka zifukwa ziwiri. Coyamba, likayankhidwa, maina pafupifupi theka amacotsedwa pa mndandanda wa anthu osowa, ndipo nchito yofufuza imacepa. Caciwiri, masamu owerengera msinkhu ndi zaka za womwalira ndi osiyana kwa amuna ndi akazi. Wolakwitsa funso loyambali amalakwitsanso otsatirawo, ndipo banja limene likufunafuna mwana wao wamkazi likhoza kudutsa mtembo wake cifukwa papepala palembedwa kuti ndi mwamuna.

BESENI LA M'THUPI

Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206. Ikani manja anu m'ciuno, pamene pamadutsa lamba kapena pomangira citenje. Colimba cimene mukucimva uku ndi uku ndi m'mphepete mwa mafupa awiri akuluakulu, lina kumanja lina kumanzere. Kutsogolo mafupa awiriwa amakumana pa cinena, ndipo pakati pao pali kamtsamiro kolimba ngati mphira. Kumbuyo amagwirana ndi fupa la kumunsi kwa msana, looneka ngati khasu loloza pansi, limene linapangidwa ndi timafupa tisanu tomatirirana. Pansi pa khasulo pali kafupa kakang'ono kotsirizira msana. Onsewa pamodzi amapanga mkombero, ndipo madokotala amaucha pelvis, liwu la Cilatini lotanthauza beseni.

Mwa mwana, fupa lalikulu lirilonse limakhala m'zigawo zitatu: la pamwamba lotambalala ngati phiko, la pansi limene timakhalira, ndi la kutsogolo la pa cinena. Zigawozi zimakumana pa cikho m'mene mumalowa mutu wa fupa la nchafu, ndipo zimamatirirana kukhala fupa limodzi m'zaka za kutha msinkhu.

Beseni limeneli liri ndi nchito ziwiri mwa munthu aliyense: kusenza thupi lonse la kumtunda ndi kupereka kulemera kwake ku miyendo, ndiponso kusunga matumbo ndi cikhodzodzo. Koma mwa mkazi liri ndi nchito yacitatu imene mwamuna alibe. Ndilo khomo lotulukira mwana.

Khomolo ndi lopanikiza kwambiri. Polowera pake, mwa amai ambiri, pamakhala masentimita pafupifupi 11 kucokera kutsogolo kufika kumbuyo, ndi pafupifupi 13 m'mbali. Mutu wa khanda lokhwima, ukauyesa kucokera khutu ili kufika khutu ilo, umakwana pafupifupi masentimita 9 ndi theka. Ndiponso njirayo si yoongoka: polowera ndi potambalala m'mbali, pamene potulukira ndi potambalala kutsogolo ndi kumbuyo. N'cifukwa cake mwana amatembenuka pamene akutsika, ndipo n'cifukwa cake amabadwa ndi liwombo, mafupa a mutu asanagwirane, kuti mutuwo uthe kufinyika pang'ono podutsa.

Apa ndipo pagona cinsinsi ca nkhani yonse. Mafupa ena amasiyana pakati pa amuna ndi akazi makamaka pa kukula ndi kulimba, ndipo kukula kumanamiza, pakuti alipo amai ojincha ndi abambo ocepa thupi. Cigaza naco cimasokeretsa kawirikawiri pa cifukwa comweci. Koma mafupa a m'ciuno amasiyana pa kapangidwe kake, cifukwa ca nchito yobereka. Mai akhale wamtali kapena wamfupi, akhale anabalapo kapena sanabalepo, thupi lake linakonza khomolo pamene iye anali kutha msinkhu.

LICERO NDI MTONDO

Pofuna kukumbukira msanga, tingafanizire beseni la mkazi ndi licero, lotambalala ndi losazama, ndipo la mwamuna ndi mtondo, wautali ndi wopapatiza. Fanizoli lakulitsa kusiyanako, koma laloza koyenera. Akatswiri amayang'ana malo angapo.

Malo oyamba ndi pansi pa cinena, pamene mafupa awiri aja amasiyana napanga mphanda yoloza pansi. Mwa mkazi mphandayo ndi yotambalala ndi yopindika bwino, ndipo kawirikawiri imapitirira madigiri 80. Mwa mwamuna ndi yopanikizika ndi yosongoka, ndipo kawirikawiri imakhala madigiri 70 kapena kucepera. Ophunzira udokotala amakumbukira zimenezi ndi dzanja: mpata wa pakati pa cala cacikulu ndi cala ca mkombaphala ukufanana ndi wa mkazi, pamene mpata wa pakati pa mkombaphala ndi cala ca pakati ukufanana ndi wa mwamuna.

Malo aciwiri ndi kumbuyo kwa fupa lalikulu, kumene kuli mpata wokumbika umene pamadutsa mtsempha waukulu wopita ku mwendo. Mwa mkazi mpatawu ndi wotseguka, mwa mwamuna ndi wopapatiza ndi wozama. Ici ndi cimodzi mwa zimene zinaulula mkazi wa ku Birka uja.

Malo acitatu ndi polowera penipeni. Mukayang'ana beseni kucokera pamwamba, khomo la mkazi limaoneka lobulungira ngati dzira logona cammbali, pamene la mwamuna limasongoka cakutsogolo. Fupa lija looneka ngati khasu limakhala lalifupi ndi lotambalala mwa mkazi, lalitali ndi lopapatiza mwa mwamuna. Fupa la pa cinena limatalika mwa mkazi, cifukwa kutalika kwakeko ndiko kumakulitsa khomo. Koma cikho colowamo fupa la nchafu cimakula mwa mwamuna, popeza cimasenza thupi lolemera.

KUCOKA PA DISO KUFIKA PA MUYESO

Kuti munthu adziwe ngati njira yake ikulondola, ayenera kuiyesa pa mafupa a anthu odziwika kale. M'maiko ena muli nyumba zosungira mafupa a anthu amene zaka zao zinalembedwa, ndiponso zinalembedwa kuti anali amuna kapena akazi. Ina ndi ya Terry, imene iri ku Smithsonian mu mzinda wa Washington. Kuno ku Africa kuli ya Raymond Dart ku yunivesite ya Witwatersrand mu Johannesburg, ndi ina ku Pretoria.

M'caka ca 1969 katswiri wa ku America, T. W. Phenice, anasankha zizindikiro zitatu cabe za pa fupa la pa cinena, naziyesa pa mafupa a anthu 275 a m'nyumba ya Terry. Analondola pa anthu 96 mwa 100 alionse. Njira yake ikali kugwiritsidwa nchito, koma imadalira diso, ndipo maso a anthu awiri saona cimodzimodzi. Wozolowera amalondola kuposa wongoyamba kumene.

Motero ena anafuna njira ya muyeso. M'caka ca 2005 akatswiri a ku Bordeaux m'dziko la France, pakati pao Pascal Murail ndi Jaroslav Brůžek, anatulutsa njira yochedwa DSP. Iwo anasonkhanitsa miyeso ya mafupa a m'ciuno 2,040 ocokera ku Ulaya, Africa, Asia ndi North America. Wopima amayesa malo khumi pa fupa, kapena anai okha ngati fupalo ndi lophwanyika, nalowetsa manambalawo mu kompyuta. Kompyutayo imayankha pokhapokha ngati citsimikizo cafika pa 95 mwa 100. Cikaperewera, imanena kuti fupa ili silikudziwika. Cifukwa ca kusamala kumeneku, pamene yayankha imalondola pafupifupi ka 99 mwa 100.

Panali nkhawa yakuti muyeso wotengedwa kwa azungu sungagwire nchito pa anthu a mitundu ina. Pa cigaza ndi mafupa a miyendo nkhawayi ndi yoona ndithu. Koma m'caka ca 2009 mai Maryna Steyn a ku Pretoria ndi mnzao anayerekeza mafupa a m'ciuno a Agiriki a pa cisumbu ca Crete ndi a anthu akuda ndi oyera a ku South Africa, napeza kuti masamu amodzi anagwira nchito pafupifupi mofanana pa magulu onse atatu. Kubereka n'kumodzi pa dziko lonse, ndipo kumasiya cidindo cofanana.

KUONA M'KATI POPANDA MPENI

Njira zonsezi zinali ndi vuto limodzi: zinafuna fupa loyera logwirika m'manja. Ngati mtembo unali ukali ndi mnofu, ankayenera kudula fupalo ndi kulicotsa mnofu wonse, nchito ya masiku angapo ndiponso yowawitsa mtima abale. Apa ndipo makina ojambula anasintha zinthu.

Pa 8 Novembala 1895, Wilhelm Röntgen wa ku Würzburg m'dziko la Germany anatulukira ceza cimene cimapyola mnofu koma cimachingidwa ndi fupa. Posadziwa kuti n'ciani, anacicha X. Patapita milungu yocepa anajambula dzanja la mkazi wake, ndipo mafupa ndi mphete yake zinaoneka bwino lomwe. Cithunzi ca X-ray ca m'ciuno cimaonetsa mphanda ya pansi pa cinena ndi maonekedwe a khomo, koma ciri ngati cithunzithunzi ca munthu pa khoma. Za kutsogolo ndi za kumbuyo zimasanjikizana, zinthu zimaoneka zazikulu kuposa mmene ziliri, ndipo wojambulidwa akapendekeka pang'ono, muyeso umasintha.

Yankho linabwera ndi makina a CT, amene anapangidwa ndi Godfrey Hounsfield, injiniya wa kampani ya EMI. Wodwala woyamba anajambulidwa pa 1 Okutobala 1971 pa cipatala ca Atkinson Morley mu London. M'caka ca 1979 Hounsfield analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, amene anayamba kulingalira masamu a nchitoyi pamene anali kuthandiza pa cipatala ca Groote Schuur ku Cape Town.

Makinawa amagwira nchito motere. Munthu amagona pa kabedi kamene kamalowa pang'onopang'ono m'mkombero waukulu. M'mkomberomo cotulutsa ceza cimazungulira thupi, nicijambula kucokera mbali zonse. Kompyuta imasandutsa zimenezo kukhala zithunzi za magawo opyapyala, monga mmene timadulira buledi, ndipo gawo limodzi likhoza kucepera milimita imodzi. Kenaka imasanjikiza magawowo, nibisa mnofu, nisiya fupa lokha likuoneka pa galasi lathunthu. Katswiri angathe kulitembenuza, kuliyang'ana pansi ndi pamwamba, ndi kuyesa malo onse aja a Phenice kapena a DSP, thupi lisanakhudzidwe ndi mpeni. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana waonetsa kuti miyeso ya pa cithunzi cotere imagwirizana kwambiri ndi ya pa fupa lenileni, malinga cithunzico cikhale cojambulidwa bwino.

Ca m'ma 2000 madokotala a ku yunivesite ya Bern m'dziko la Switzerland, motsogozedwa ndi Richard Dirnhofer ndi Michael Thali, anayamba kupima mitembo ndi makina a CT ndi a MRI asanaing'ambe. Ubwino wake ndi woonekeratu. Cithunzi cimasungika ngakhale maliro ataikidwa, cikhoza kutumizidwa pa intaneti kwa katswiri wa dziko lina, ndipo cikhoza kuonetsedwa m'khoti popanda kufukula manda.

Pali ubwino winanso. Mafupa ambiri a m'nyumba zosungira zija ndi a anthu obadwa kalekale, ambiri a iwo osauka, amene kadyedwe ndi kakulidwe kao kanali kosiyana ndi ka anthu a lero. Zithunzi za CT zimapereka miyeso ya anthu a masiku ano. M'caka ca 2020 yunivesite ya New Mexico ku America inatsegulira ofufuza nkhokwe ya zithunzi za CT za anthu omwalira oposa 15,000, maina ao atacotsedwa. Ofufuza ena amagwiritsa nchito zithunzi zimene odwala anajambulidwa kale m'zipatala pa zifukwa zina. Munthu wamoyo sajambulidwa cabe kaamba ka kafukufuku wotere, pakuti ceza ca CT n'coculuka kuposa ca X-ray wamba.

MOTO WA KU VICTORIA

Pa 7 Febuluwale 2009, tsiku Loweruka, moto wolusa unabuka m'nkhalango za cigawo ca Victoria m'dziko la Australia. Tsikulo kutentha mu mzinda wa Melbourne kunapitirira madigiri 46, ndipo mphepo yamkuntho inathamangitsa malawi kulowa m'midzi. Anthu 173 anamwalira, ambiri m'nyumba zao ndi m'magalimoto pothawa.

Zotsala za matupi zinatengedwa kupita ku Victorian Institute of Forensic Medicine mu Melbourne, kumene kunali makina a CT kuyambira m'caka ca 2005. Matumba anali kulowetsedwa m'makinawo asanatsegulidwe. Zithunzi zinathandiza kusiyanitsa mafupa a anthu ndi a ziweto zimene zinapsera pamodzi ndi eni ake, kudziwa ngati m'thumba limodzi munali munthu mmodzi kapena angapo, kuona zitsulo zimene madokotala anaika m'thupi munthu ali moyo, ndiponso kuyerekeza zaka ndi kudziwa ngati anali mwamuna kapena mkazi. Moto umayamba kuononga manja, miyendo ndi nkhope, koma m'ciuno ndi mokutidwa ndi mnofu wocindikala, motero mafupa ake ndi ziwalo za m'kati mwake kawirikawiri zimatsala.

Cithunzi pacokha sicinachule dzina la munthu. Maina anatsimikizidwa ndi mano, DNA ndi makalata a kucipatala. Koma cithunzi cinauza ofufuza koyambira. Ngati m'nyumba munali bambo, mai ndi mwana, cinasonyeza kuti uyu ndi uti, kuti banja lilandire mtembo woyenera ndi kulemba dzina loyenera pa manda. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa nchito imeneyi fupa, dzino ndi magazi zimacitira umboni pamodzi.

PAMENE MBONI IMAKHALA CETE

Akatswiri oona mtima samanena kuti adziwa, amanena kuti ayerekeza, cifukwa mboni imeneyi iri ndi malire ake. Alipo amuna a beseni lotambalala ndi akazi a beseni lopapatiza, ndipo mafupa ao amagwera pakati. Fupa la pa cinena, limene limanena zambiri, ndilo lopyapyala ndipo limaphwanyika msanga m'nthaka. Kale anthu ankakhulupiriranso kuti timaenje tina ta pa fupa timasonyeza kuti mai anabala ana angati, koma zinapezeka kuti timaenjeto timaoneka ngakhale mwa akazi osabalapo ndi mwa amuna ena.

Wowerenga fupa nayenso akhoza kuphonya, ndipo citsanzo cake ciri kwathu konkuno. M'caka ca 1921, pa mgodi wa Broken Hill, umene lero ndi Kabwe, anchito anafukula cigaza ca munthu wamakedzana cimene cinachuka pa dziko lonse. Anapezanso mafupa ena, kuphatikizapo zidutswa za m'ciuno. M'caka ca 1928 William Pycraft wa ku British Museum, amene ukatswiri wake unali wa mbalame, anayang'ana cidutswa ca m'ciuno cija nanena kuti munthu wa ku Kabwe ankayenda cowerama. Katswiri wa thupi la munthu, Wilfrid Le Gros Clark, anaonetsa kuti Pycraft sanalimvetse fupalo, ndi kuti mwini wake ankayenda ciriri ngati ife. Ndiponso popeza mafupawo anafukulidwa pakati pa nchito ya mgodi, palibe angatsimikize kuti cigaza ndi zidutswa za m'ciunozo ndi za munthu mmodzi. Cigazaco, cimene kafukufuku wa 2020 anati ciri ndi zaka pafupifupi 299,000, cikusungidwa ku Natural History Museum mu London, ndipo boma la Zambia lakhala likupempha kuti cibwerere kwao.

Koma malire aakulu koposa ndi awa: mafupa a m'ciuno a mwana sanena kanthu kodalirika. M'caka ca 2016 ofufuza a ku yunivesite ya Zurich anafalitsa zimene anapeza pa zithunzi za CT za anthu 275, kuyambira makanda mpaka nkhalamba. Anaona kuti paubwana beseni la mnyamata ndi la mtsikana zimakula mofanana. Pofika pa kutha msinkhu, la mtsikana limapatuka niliyamba kutambalala, ndipo limafika pacimake pakati pa zaka 25 ndi 30. Mai akapitirira zaka 40, limayambanso kupanikizika pang'onopang'ono. Motero apolisi akapeza mafupa a mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, katswiri amapempha DNA, pakuti fupa silinayambe kulankhula.

PHUNZIRO KWA AMOYO

Mfundo yomalizayi ikukhudza banja lirilonse lokhala ndi mwana wamkazi. Cimene cimalepheretsa katswiri kuzindikira fupa la kamtsikana ndi cakuti khomo lija silinatsirizike kumangidwa. Mtsikana akagwa pansi, anthu amati wakula, koma mafupa ake amapitiriza kutambalala kwa zaka zina ndithu, ngakhale iye atasiya kutalika. Kusowa zakudya zokwanira paubwana kumacedwetsanso kakulidweka.

Mtsikana wotere akatenga pathupi, mutu wa mwana ukhoza kukanirira panjira. Ngati matenda atenga masiku popanda thandizo, mutuwo umapanikiza mnofu wa mai pa fupa mpaka mnofuwo umafa, ndipo pamatsala cibowo pakati pa cikhodzodzo ndi njira ya mwana. Awa ndiwo matenda a fisitula, amene amacititsa mai kudontha mkodzo usana ndi usiku. Kawirikawiri mwanayo amabadwa wakufa. Matendawa amacizika ndi opaleshoni, koma kupewa kuposa kuciza. M'caka ca 2023 dziko la Zambia linasintha lamulo la maukwati kuti ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa pamwambo, ukhale wosavomerezeka. Lamulo lanena zimene mafupa anali kunena kale.

Wina angafunse kuti, nanga bwanji osajambula mai aliyense wapathupi kuti tidziwiretu ngati khomo lake ndi lokwanira? Zimenezi zinayesedwapo. M'caka ca 1933 madokotala awiri a ku New York, Caldwell ndi Moloy, anagawa mabeseni a amai m'magulu anai mothandizidwa ndi X-ray, ndipo kwa zaka zambiri amai apathupi anali kujambulidwa. Koma m'caka ca 1956 dokotala Alice Stewart wa ku Oxford anapeza kuti ana amene anajambulidwa ali m'mimba anali kudwala khansa kuposa anzao. Zinaonekanso kuti muyeso wa fupa sulosera bwino mmene kubereka kudzayendere, pakuti mfundo za m'ciuno zimafewa nthawi ya pathupi, mutu wa mwana umafinyika, ndipo kagonedwe ka mwana kamasintha zambiri. M'caka ca 2018 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalangiza kuti amai athanzi asamapimidwe beseni mwacizolowezi pofika kudzacira. Kukula kwa thako kapena ciuno kooneka kunja nakonso sikusonyeza kukula kwa khomo la m'kati. Coteteza mai ndi kupita ku sikelo nthawi yake ndi kukacirira kucipatala, kumene azamba amayang'anira mmene mwana akutsikira ndipo angathe kuitana dokotala zinthu zisanafike poipa.

Potsiriza, mau kwa mabanja amene mbale wao anapita ku tauni, ku migodi kapena kunja kwa dziko, nasiya kumveka. Akatswiri angathe kunena kuti mafupa awa ndi a mwamuna wa zaka zakutizakuti, koma sangawapatse dzina ngati palibe amene anakalembetsa ku polisi kuti munthu wotere wasowa. Kanenani msanga, ndipo fotokozani zonse zimene mukudziwa za thupi lake: msinkhu wake, dzino limene anazula, mkono umene unathyoka ali mwana, opaleshoni imene anacitidwa ndi cipatala cimene anagonekedwa. Ngati m'sutikesi muli cithunzi cake cakale ca X-ray kapena khadi lake la kucipatala, musazitaye, pakuti dokotala akhoza kuziika pambali pa cithunzi catsopano ndi kuona ngati mafupawo ndi a munthu mmodzi.